Ndani amasesa m'mabuku athu?

Anzanga olemba ndakatulo akhala akundiseka. Ati ine ndathawa ntchito ya mlakatuli, ndasanduka kalaliki wa pa boma, munthu wongosaka mpumiro ndi mpatuliro m'timabuku ta malangizo a makompyuta. Wina anafika pondinong'oneza pa maliro, anthu ali duu, kuti kodi sukulu yonse ija ndinapitira kukaphunzira kuwerenga madontho? Lero ndati ndiwayankhe onse pamodzi pa tsamba lino, ndipo amene zimuwawe andikhululukire, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhaniyi inayambira ku Kayelekera, m'mapiri a kuzambwe kwa Karonga, mtunda wa makilomita ngati 52 kuchokera pa boma. Ndinapitako mu 2025, mgodi wa yureniyamu utatsegulidwanso, kuti ndikamve za kukhosi kwa anthu a m'midzi yozungulira. Mtolankhani wodziimira payekha alibe galimoto ya kampani. Ndinayenda pa matola, n'kukagona kwa mphunzitsi wina wachifundo. M'chikwama munali laputopu yokalamba imene bungwe lina linatipatsa pa maphunziro a masiku atatu. Poti makinawo ngofooka, anatiikiramo Linux pamodzi ndi pulogalamu yolembera yotchedwa Vim, yopepuka, yosafuna intaneti. Anatininkhanso kabuku ka malangizo m'Chichewa, ka chikuto chonyezimira bwino.

Kwa amene simuidziwa, Vim ili ndi mwambo wake. Ukafuna kulemba umayamba wadina chilembo cha i. Ukatha umadina batani la Esc, kenaka umailamula. Kulemba :w ndiko kusunga ntchito yako. Kulemba :q ndiko kutuluka. Basi.

Usiku umenewo ndinalemba maola anayi. Zimene anandiuza amayi ena pa chitsime, mphunzitsi uja akunditanthauzira, ndinazithira m'makinamo zikadali zotentha m'mutu. Batire itayamba kulira, ndinalemba :q mofulumira. Pulogalamu inakana kutuluka, n'kuonetsa timawu tofiira ta Chingerezi m'munsi. Ine ndi tulo tanga ndinati ndivutikirenji ndi Chingerezi pomwe Chichewa chili pa tebulo? Ndinatsegula kabuku kaja. Pa tsamba lachisanu panalembedwa kuti pulogalamu ikakana, onjezani mfuwuliro, mulembe :q! ndipo ntchito yanu isungidwa mokakamiza. Ndinamvera.

M'mawa ndinapeza fayilo ili mbee. Ngakhale chilembo chimodzi.

Makina aja atamwa moto wa sola ku sukulu, ndinalemba :help, lamulo lotsegula buku la malangizo limene limabwera m'kati mwa Vim momwemo. Pamenepo ndi pomwe ndinaona manyazi anga. Bukulo likunena mosapsatira kuti :q! ndi kutuluka osasunga, kutaya zonse zimene wasintha. Timawu tofiira tija tinali kundichenjeza kuti sindinasunge. Mlendo anandiuza zoona, mbale wanga wa chilankhulo chimodzi n'kundigwetsera m'mbuna. Nkhani sinapite kwa mkonzi pa tsiku lake, ndalama sindinalandire, ndipo mawu a amayi aja sindinathe kuwabweza monga anawanenera. Madzi akatayika saoleka.

Kulakwitsa si mlandu. Ndani salakwitsa? Womasulirayo anangosokonezeka ndi mawu amodzi a Chingerezi, ndipo ineyo ndalakwitsapo zazikulu kuposa pamenepa. Chimene chinandiwawa n'chimene chinatsatira. Ndinaimba foni ku bungwe lija kuti akonze. Woyankha anati ntchito imeneyo inatha kalekale, ndalama zake zinatsekedwa. Ndinafunsa za amene analemba. Ati anali waganyu, analandira zake n'kumapita. Ndinapempha kuti andipatse fayilo ya kabukuko ndikonze ndekha, mwaulere. Ati sakudziwa kuti ili m'kompyuta ya ndani, komanso ndiwerenge kuseri kwa chikuto: palibe wololedwa kusintha kapena kuchulukitsa popanda chilolezo. Chilolezo chochokera kwa yani, poti mwini wake kulibe?

Ndiye kabuku kamasiye kameneka kali m'masukulu ndi m'maofesi, kakuphunzitsabe anthu kutaya ntchito yawo, ndipo lamulo likukateteza. Abale, zoona?

Tsono taonani mmene anzathu amachitira. Vim anaitulutsa mu 1991 ndi bambo wina wa ku Netherlands, Bram Moolenaar, potsanzira pulogalamu yakale ya vi imene Bill Joy analemba mu 1976. Ndi imodzi mwa mapulogalamu amene kapangidwe kake kali poyera: aliyense atha kuona m'mimba mwake, kuikopera, kuigawa, ngakhale kuikonza. Koma chimene ine ndimagoma nacho si makinawo ayi, ndi buku lake. Lili pawiri: gawo lina ndi lotsogolera wophunzira pang'onopang'ono, lina ndi lofotokoza lamulo lililonse mwatsatanetsatane. Pa mzere woyamba wa mutu uliwonse amalembapo mtundu wa Vim umene malangizowo akunena, ndi tsiku limene mutuwo unakonzedwa komaliza. Pa mfundo zimene okonza pulogalamuyi anadziikira, pali yakuti chinthu chatsopano chimene sichinafotokozedwe m'buku n'chopanda ntchito, ndipo wobweretsa chatsopano abweretse ndi malangizo ake omwe. Munthu wamba akapeza chilembo chopotoka, amatumiza chikonzero, ena n'kuchiunika poyera, chikakhala choona n'kuchilowetsa.

Moolenaar anasenza ntchito imeneyi zaka zoposa makumi atatu. Sanagulitse pulogalamu yake. M'malo mwake ankapempha oigwiritsa ntchito kuti athandize ana amasiye a ku Kibaale, m'dziko la Uganda, kumene iye anakagwirako ntchito mongodzipereka. Anamwalira pa 3 Ogasiti 2023. Kodi buku linafa naye? Ayi. Anzake, mmodzi mwa iwo Christian Brabandt, anatola khasu pomwe linagwera, ndipo pa 2 Januwale 2024 anatulutsa Vim 9.1 pomukumbukira. Mwini munda anapita, koma munda ukupaliridwa, chifukwa mpanda wake anausiya wotsegula.

Ife kuno matenda athu ndi amodzi: timakonda kutsegulira, timadana n'kusamala. Tsiku lokhazikitsa buku pamakhala mlendo wolemekezeka, magule, zakumwa, maalawansi, zithunzi m'nyuzipepala. Tsiku lokonza tsamba lachisanu pamakhala ndani? Palibe riboni yodula pa kukonza mfuwuliro. N'chimodzimodzi mijigo ija imaima m'midzi ndi chikwangwani cha wopereka chikadali chowala, pomwe mjigowo unafa kalekale chifukwa cha kamphira ka mtengo wa nkhuku imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kayelekera yemweyo atiphunzitse. Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodiwo mu 2009, anthu n'kuvina. Ngozi ya ku Fukushima, m'dziko la Japan, mu 2011 inagwetsa mtengo wa yureniyamu, ndipo mu 2014 kukumba kunaima. Mu 2020 mgodi unagulitsidwa kwa Lotus Resources, boma la Malawi likusungabe magawo 15 pa 100 alionse. Zaka zonsezo kuyambira 2014, kopanda mwala wogulitsa, mgodi sunangotsekedwa ndi loko anthu n'kumapita. Panayenera kutsala anthu oyang'anira madamu ndi madzi a mvula, poti kumunsi kuli mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja imene tonse timadyamo usipa. Anthu amenewo palibe anawaimbira nyimbo. Koma ndani anganene kuti ntchito yawo inali yaing'ono kuposa ya amene anadula riboni? Buku la malangizo nalo ndi damu. Ukalisiya lokha limachita ming'alu, ndipo ovutika amakhala a kumunsi.

Ndikudziwa chimene ena mukunena. Mukuti anthu ali ndi njala, feteleza wakwera, iwe ukulira mfuwuliro? Ndikuyankheni. Dzanja limene limalekerera bodza m'kabuku ka kompyuta ndi lomwelo limalemba mlingo wa mankhwala pa botolo la mwana, malangizo a mankhwala osungira chimanga, ndi chenjezo la pa khomo la malo oopsa. Wolemera akapeza cholakwa m'Chichewa amangotembenukira ku Chingerezi. Wosauka alibe kothawira. Chimene chalembedwa m'chilankhulo chake ndicho amakhulupirira ndi mtima wonse. Choncho buku lolakwa la m'chilankhulo chathu limaluma wosauka yekha. Bola kusowa malangizo, chifukwa munthu amafunsa mnzake, kusiyana ndi kukhala ndi malangizo abodza amene amamuletsa kufunsa.

Ena mukuti zimenezi n'za azungu, ife mwambo wathu ndi wa pakamwa. Nanga ndi liti pamene makolo athu analekerera cholakwa? Mwana akapotoza mwambi, agogo amamukonza pomwepo. Woimba ng'oma akaphonya, ovina amamuyang'ana. Denga la udzu amalifolera chaka ndi chaka, ndipo mutu umodzi sulisenza. Kugwirira pamodzi ntchito yopanda malipiro, kuti aliyense apindule, tinakudziwa kale kompyuta isanabadwe. Chimene tinatengera kwa alendo ndi loko, osati khasu.

Komabe ndivomere kuti pali chifukwa chimene mawu oti kukonza amatinunkhira. Mu 1968 Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Mu 1972 kunabadwa bungwe la Chichewa Board, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito inagwirika, sindikana. Koma kukonza kwa masiku amenewo kunkatsika kuchokera kumwamba, chikwapu chili m'manja, ndipo kutsutsa kunali kuika khosi pa mpeni. Anthu a kuno ku Karonga, olankhula Kyangonde ndi Chitumbuka, amakumbuka bwino. Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994 tinataya chikwapu, ndipo tinachita bwino. Tsoka lake tinataya ndi tsache lomwe. Bungwe lija linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies ya pa Yunivesite ya Malawi mu 1996, ndipo mu 2000 tinalandira Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ulemu kwa amene anagwira ntchitoyo. Koma buku lotere silitha ndi kusindikiza. Ngakhale mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott wa mu 1892 unadzafuna dzanja la Alexander Hetherwick kuti utulukenso wokonzedwa mu 1929.

Ndipo si kuti kuno kulibe anthu a tsache. A Edmond Kachale, mogwirizana ndi a Kevin Scannell a ku America, anasonkhanitsa mawu a Chichewa kuti mapulogalamu aulere azitha kugwira zolakwa za kalembedwe kathu. Ndi angati mwa ife alembi, amene timalira tsiku ndi tsiku kuti chilankhulo chikufa, tinaperekapo ngakhale liwu limodzi pa ntchito yotere? Vim ili ndi phunziro la oyamba kumene, lotchedwa vimtutor, lomasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Ndinayang'ana pa mndandanda, Chichewa sindinachione. Palibe anatiletsa. Khomo n'lotsegula, ife tili panja kudikira alawansi.

Tsono zopempha zanga ndi zinayi, ndipo sizifuna msonkhano wa ku nyanja.

Choyamba, buku lililonse la malangizo lotuluka m'zilankhulo zathu lilembedwe tsiku limene linakonzedwa komaliza ndi mtundu wa chinthu chimene likufotokoza. Mkaka wa m'sitolo uli ndi tsiku, bwanji malangizo?

Chachiwiri, lionetse kumene munthu angatumize cholakwa, ndipo kumeneko kukhale munthu wamoyo woyankha, ngakhale ntchito ya opereka ndalama itatha.

Chachitatu, buku lolembedwa ndi ndalama za thandizo kapena za misonkho lisatsekeredwe. Likhale ndi chilolezo choti aliyense akope, akonze, amasulire m'Kyangonde, m'Chitumbuka, m'Chiyao, malinga atchule kumene lachokera.

Chachinayi, lisanasindikizidwe, munthu mmodzi wosadziwa kanthu akhale pa makina, atsate mzere uliwonse monga walembedwera. Akanatero ndi kabuku kaja, bodza la pa tsamba lachisanu likanagwidwa m'mphindi ziwiri.

Kwa anzanga alakatuli, ndikuti: ife timadzitama kuti ndife alonda a mawu. Timatha sabata yathunthu kusinkhasinkha liwu limodzi la mu ndakatulo imene adzawerenge anthu makumi awiri. Nanga n'chifukwa chiyani tikuyesa chonyozeka kuwongola chiganizo chimene mwana wa sukulu adzachitsate ngati lamulo? Mlonda wolondera nyumba ya mfumu yokha, nkhokwe za mudzi n'kumabedwa, ameneyo si mlonda.

Ndisanachoke ku Kayelekera ndinatenga cholembera chofiira, n'kukhwatcha mzere uja m'timabuku tonse timene mphunzitsi anali nato, n'kulemba m'mbali kuti :wq ndiko kusunga n'kutuluka, :q! ndiko kutaya. Ngati kumeneko n'kuswa lamulo la kuseri kwa chikuto, mwini wake abwere adzandigwire. Mwina pamenepo tidzamudziwa. Panopa ndayamba kumasulira vimtutor m'Chichewa, ndime imodzi usiku uliwonse, ndipo mphunzitsi uja walonjeza kuyesa mzere uliwonse ndi ana ake. Ndikudziwa kuti ndilakwitsa penapake. Mukapeza cholakwacho musandiseke kumbali. Lemberani mkonzi wa tsamba lino, andipatsire, ndikonze.