Obwera ndi ndani pa Chiponde?

Pakati pa Chiponde ndi Mandimba pali malire a Malawi ndi Mozambique, koma mbali zonse anthu amalankhula Chiyao ndi Chinyanja, amakwatirana, amathandizana pa maliro. Komabe mkangano wa munda ukangobuka, mawu oyamba kutuluka ndi akuti “obwera”. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ntchito yake ndi kutseka munthu pakamwa mlandu usanayambe.

Tikamanena za abale athu opita kunja, lilime lathu limakhala lachifundo. Wenela ndi Theba ndi mayina a mabungwe amene ankalemba amuna ntchito ya m'migodi ya ku Joni, dzina lomwe tinalidula ku Johannesburg. Wopita osabwerako, osatumiza ngakhale kalata, timati watchona, ndipo mtchona timamudandaula ngati mwana wotayika.

Kwa ofika kwathu lilime limasintha. Mpaka mu 1929 dera la Niassa ku Mozambique linali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa, ndipo msonkho ndi chibalo zinasamutsa mabanja ambiri. Alomwe amene anawolokera ku Nyasaland n'kukagwira thangata m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi Thyolo anapatsidwa dzina lonyoza lakuti Anguru. Lewis Bandawe ndi anzake, amene anayambitsa Lomwe Tribal Society mu 1943, analimbana nalo dzinali mpaka boma linasiya kulilemba.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba anathawira ku Mangochi ndi Machinga, ana kumsana, mphika ndi mphasa pamutu. Dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri anabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthuwa tinkawatcha othawa nkhondo. Dzinali ndi loona, pakuti limaloza chimene chinamuchotsa munthu pakhomo pake, mlandu n'kugwera nkhondoyo.

Ndiye mafumu athu, atolankhani ndi aphunzitsi, sankhani mawu onena chifukwa cha ulendo: wothawa nkhondo, wofuna ganyu, wotsata banja, wamalonda. Mdzukulu wobadwira pamudzi, amene agogo ake agona kumanda a pamudzi pomwepo, si wobwera. Mlandu wake wa munda uweruzidwe pomva mboni ndi kuyendera malire a mundawo.