Magemu ophweka si chipongwe, ndi bizinesi

Anzanga, Lachisanu lapitali tikuweruka tinakangana njira yonse mpaka kukafika pamtsinje. Mnzanga wina amati makampani opanga magemu amatinyoza ife akumudzi. Akuti n'chifukwa chake pafoni timangopeza Candy Crush, Ludo King ndi Temple Run, pomwe magemu enieni ngati GTA V ali pa PlayStation kutauni. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero ndikukanabe.

Taganizirani mayi wogulitsa ufa pamsika wa pa Neno boma. Sadikira munthu wogula thumba lonse la makilogalamu 50 ayi. Amapima m'timajumbo tija timati wokumani, chifukwa amadziwa m'matumba mwa makasitomala ake. Opanga magemu nawonso amatero.

Ndipo izi sizinayambire kwa ife. Mu 2006 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina osewerera magemu pa TV otchedwa Wii. Anagulidwa oposa 100 miliyoni, ndipo pakati pa ogulawo panali makolo, ana ngakhale agogo, ongofuna kugwedeza dzanja ngati akumenya tenisi, n'kumaseka. Makampani ena ataona zimenezi anathamangira magemu ovina ndi osewera pabanja. Mu 2009 Ubisoft inatulutsa Just Dance, malonda anayenda zedi. Chaka chomwecho Sega inatulutsa MadWorld, gemu ya ndewu ya akuluakulu, koma ogula anali ochepa. Mukanakhala inu, chaka chotsatira mukanapanga iti?

Chinanso, Wii inali yochepa mphamvu poyerekeza ndi PlayStation 3 ndi Xbox 360. Gemu yayikulu inkafunika kuikonzanso mwapadera kuti iyende pamenepo, ndipo GTA V itatuluka mu 2013 sinapiteko pa Wii. Gemu yotereyi imadya zaka zingapo ndi antchito mazanamazana. Ikapanda kugulidwa, kampani yalowa m'madzi. Gemu yaing'ono ikakanika, amangopanga ina.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Foni ndi ya achimwene, ka itel kosachedwa kudzaza. Kutchaja n'kolipira pasola ya pagolosale. Netiweki mpaka ukwere pachulu. Gemu yayikulu ikakhala pati? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kampani imapangira foni imene ilipo, osati imene tikuilota.

Chimene ine chikundiwawa n'china. Timati magemuwa ndi aulere, eti? Bodza. Kampani imalandira ndalama pa zotsatsa malonda zija zimatulukira ukangofa, ndipo zikamaseweredwa bandulo ikutha ndi yathu. Amawapanga dala kuti uzingoti "kamodzi kokha basi". Mwezi watha ndinamaliza bandulo imene achimwene anagula kuti aimbire amalume ku Joni pa WhatsApp. Anandikalipira pamaso pa alendo, foni sandigwiritsanso. Mawa lake mayeso a masamu ndinalemba ndi maso ofiira, zotsatira zake musandifunse.

Choncho tisataye nthawi kudandaula kuti atinyoza. Atiwerengera bwinobwino, kuposa mmene timadziwerengera tokha. Tizisewera, koma tizidziwa amene akulipira. Ndipo wina mwa ife akadzaphunzira zopanga magemu, asadzayambe ndi maloto a GTA. Adzayambe ndi gemu yoyenda popanda intaneti pafoni yotchipa, yoti anthu a kwa Dambe ndi kwa Symon adzathe kusewera.

Amene akutsutsa alembe yankho, amate pansipa.

Mnzanu wa Fomu 2