Mtovu wa ku Kabwe: ana akulandira mankhwala, koma mulu wa poizoni ukali poyera

Mphepo ya mu August ikayamba, ambiri a ife timangodandaula za cimfine ndi zovala zoda pacingwe. Koma kwa makolo a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa mu mzinda wa Kabwe, fumbi limeneli limabwera ndi mtovu, ndipo mtovuwo umathera m'magazi a ana awo. Asayansi akhala akufufuza vutoli kwa zaka zambiri. Tiyeni tione zimene apeza, ndi cifukwa cake vutoli silikutha ngakhale kuti njira zolithetsera zikudziwika.

Mgodi wa Broken Hill unayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo unatsekedwa mu 1994 uli m'manja mwa ZCCM. Kwa zaka pafupifupi 90 anali kukumba ndi kusungunula mtovu ndi zinki. Mgodi unatsekedwa, koma zotsalira zake, matani mamiliyoni angapo, zinasiyidwa pamtunda popanda cokwirira. Mtovu suola ngati zinyalala za kukhichini. Umakhala m'dothi mpaka wina atauchotsa kapena kuukwirira. M'cilimwe mphepo imauulutsira m'makomboni. M'dzinja madzi amaukokolola kudzera mu ngalande yocokera kumgodi, imene ikasefukira imasiya matope m'mayadi a anthu.

Mu 2015, gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Dr John Yabe wa pa University of Zambia linafalitsa zimene linapeza litapima magazi a ana 246 a m'makomboni atatu aja. Mtovu wa m'magazi amaupima m'mamaikulogalamu pa desilita imodzi. Bungwe la World Health Organization limati palibe mlingo wa mtovu umene tinganene kuti ndi wabwino m'thupi, ndipo ukafika pa 5, azaumoyo ayenera kufufuza kumene ukucokera ndi kucitapo kanthu. Ana onse 246 anali pamwamba pa 5. Mwana wina anapezeka ndi mlingo woposa 400.

N'cifukwa ciani ana ndiwo amavutika kwambiri? Mwana amakwawa, amasewera m'dothi, ndipo ciliconse amaika kukamwa. Thupi lake limayamwa mtovu wambiri kuposa la wamkulu, maka-maka ngati sakudya mokwanira. Mtovu umaononga ubongo umene ukali kukula, umacepetsa magazi, ndipo ukaculuka umabweretsa khunyu ngakhale imfa. Cobvuta n'cakuti nthawi zambiri mwana saoneka wodwala. Amangobvutika kugwira zinthu kusukulu, ndipo timamunena kuti ndi waulesi. Komanso mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anakulira m'fumbi limeneli akadzakhala ndi pakati, mtovu umacoka m'mafupa ndi kufika kwa mwana wosabadwa.

Kuyambira mu 2016, University of Zambia ndi Hokkaido University ya ku Japan anagwirira pamodzi nchito yofufuza yochedwa KAMPAI. Iwo sanangopima anthu cabe. Kafuku-fuku wa mayunivesite awiriwa wapeza mtovu ngakhale mu nkhuku zoyenda pabwalo ndi mu agalu a kufupi ndi mgodi. Koma cinthu copatsa ciyembekezo n'cakuti anayesanso njira zothetsera poizoni pa gwero pake.

Njira yoyamba ndi yomanga mtovu kuti usayende. Ofufuza anaona kuti mwala wa dolomite, umene ndi m'bale wake wa mwala wa laimu ndipo umapezeka kwathu konkuno, ukaochedwa ndi kusakanizidwa ndi zotsalira za mumgodi umacepetsa mtovu wosungunuka m'madzi. Njira yaciwiri imagwiritsira nchito mabakiteriya, tuzilombo tosaoneka ndi maso, tumene tumapanga zinthu zonga simenti pakati pa mcenga. Mcenga ukagwirana, mphepo imalephera kuuulutsa. Njira yacitatu ndi yocotsa mtovu ndi zinki m'zotsalirazo ndi mankhwala, kuti zitsulo zigulitsidwe ndipo zotsala zikhale ndi poizoni wocepa. Zambiri mwa njirazi zayesedwa mu labu kapena pa malo aang'ono. Koma njira yodziwika kale, imene maiko ena anagwiritsira nchito pa migodi yakale, ndi yosabvuta kumva: kukwirira mulu wonse ndi dothi labwino, kubzalapo udzu, kuika mpanda, ndi kucotsa dothi loipa m'mayadi ndi m'masukulu.

Nanga boma lacitapo ciani? Mu December 2016, World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ya nchito yokonza malo oonongedwa ndi migodi, ndipo Kabwe inali pakati pa matauni opindula. Ana ambiri anapimidwa ndi kulandira mankhwala, ndipo malo ena anakonzedwa. Zimenezi tiyenera kuyamikira. Koma mulu waukulu uja sunakwiriridwe, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Mankhwala amene amapatsidwa kwa mwana amene mlingo wake wafika pa 45 amagwira mtovu wa m'magazi kuti utuluke ndi mkodzo. Amapulumutsa moyo, koma sabweza ubongo umene waonongeka kale. Ndipo mwana akabwerera ku bwalo lomwelo, kupuma fumbi lomwelo, mtovu umakweranso. Cimodzi-modzi yadi imene yaikidwa dothi latsopano imaipanso ngati mphepo ikupitiriza kubweretsa fumbi kucokera pa mulu. Kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likali kudontha.

Palinso vuto latsopano. Mu March 2025, bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti lonena kuti makampani ena akukumba ndi kunyamula zotsalira za mumgodi kuti acotsemo zitsulo, ndipo milu ina yaunjikidwa poyera m'malo ena a tauni. Pa mulu womwewo anthu osauka, kuphatikizapo azimai okhala ndi ana kumsana, amatola miyala yogulitsa. Sitingawaweruze, pakuti njala ilibe mawa. Koma zimenezi zitanthauza kuti kukwirira mulu kuyenera kuyendera pamodzi ndi kuwapezera njira ina yopezera cakudya. Apo ayi, mpanda udzagwetsedwa usiku womwewo.

Ena akuyembekezera makhoti. Mu October 2020, mlandu unaperekedwa ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi azimai pafupifupi 140,000 a ku Kabwe, wotsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene ikukana kuti ndiyo inacititsa vutoli. Mu December 2023 khoti inakana kuti mlanduwo upitirire monga mlandu wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo. Milandu yotere imatenga zaka, koma mwana wa zaka ziwiri sangayembekezere ciweruzo.

Nkhaniyi si ya anthu a ku Kabwe okha. Mu February 2025, damu ya zotsalira za mumgodi ya kampani ya Sino-Metals ku Chambishi inagumuka, asidi analowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Pamene dziko lathu likufuna kukumba mkuwa wambiri, Kabwe itiphunzitsa kufunsa mgodi uliwonse usanayambe: zotsalira zidzaikidwa kuti, ndipo ndani adzalipira mgodi ukadzatsekedwa?

Pakali pano, inu okhala kufupi ndi mgodi, pitani ndi ana kukiliniki kuti akapimidwe ngakhale aoneke athanzi. Asambitseni m'manja asanadye. Kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa pouma, ndipo bzalani kapinga pabwalo. Apatseni kapenta, nyemba ndi mazira, cifukwa thupi lokhuta bwino siliyamwa mtovu wambiri. Azimai apakati apewe kudya dothi.

Izi zimacepetsa ngozi, koma sizicotsa gwero. Conco mukakumana ndi khansala, phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo kapena akulu-akulu a ZEMA, bungwe loyang'anira zacilengedwe, musafunse cabe kuti ndi ana angati alandira mankhwala. Afunseni kuti mulu wa ku Kabwe udzakwiriridwa liti, ndi ndalama ziti, ndipo ndani adzayankha ngati tsikulo lapita.