Ndalama zokha sizingadzaze khola ku Somalia

Njala ya mu 2011 idapha anthu pafupifupi 260,000 ku Somalia, ndipo theka la iwo adali ana osakwana zaka zisanu. Chilala chitabweranso mu 2017, mabungwe adafulumira kutumizira mabanja ndalama pafoni, anthu ambiri nkupulumuka. Izi nzoyamikika.

Komabe kwa abale athu oweta ngamila ndi mbuzi, ziweto ndizo nkhokwe, ndipo mkaka wa ana umachokera komweko. Zikafa, banja limakathera kumisasa ya ku Baidoa, ambiri osabwereranso kubusa. Ndalama za pamwezi zimagula mpunga, koma sizingadzazenso khola.

Choncho inu amene mumapereka sadaka kudzera m'mabungwe, afunseni ngati chakudya cha ziweto, madzi ndi katemera zimafika ziwetozo zisadafe.