ZA UMOYO: Mutu Ukawawa Pafupi ndi Nsanja ya Lamya

Mu mzinda wa Kitwe ndi wa Ndola munthu sangayende mtunda wautali osaona nsanja ya lamya. Zina zinaimikidwa pa zitunda, zina kuseri kwa misika, ndipo zina zili pakati penipeni pa nyumba za anthu m'makomboni. Mu November 2022 kampani ya MTN inatsegula mafunde a 5G mu Lusaka, Kitwe ndi Ndola, ndipo funso lakale linapeza mphamvu zatsopano: kodi mafunde osaoneka amene amacokera ku nsanja, ku lamya za m'manja ndi ku nthambo za magetsi angadwalitse munthu?

Alipo anthu m'maiko ambiri amene amayankha mosakayika kuti inde, ndipo umboni wao ndi matupi ao. Iwo amati akayandikira lamya, kompyuta kapena nsanja, mutu umayamba kuwawa, khungu limatentha kapena kuyabwa, mtima umagunda mofulumira, amamva cizungulire, tulo timasowa ndipo maganizo sakhazikika. Bvuto limeneli pa Cingerezi limachedwa electromagnetic hypersensitivity, mwacidule EHS. Madandaulo ace anayamba kumveka kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ku Norway ndi ku Sweden, pakati pa anchito a m'maofesi amene anali kukhala tsiku lonse patsogolo pa makompyuta. Odandaula sali anthu wamba okha ai. Mai Gro Harlem Brundtland, amene ndi dotolo, ndiponso anakhalapo nduna yaikulu ya Norway ndi mkulu wa bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO, ananena mu 2002 kuti lamya ya m'manja inali kuwapweteketsa mutu. Ena anasiya nchito ndi nyumba zao nasamukira ku Green Bank m'dziko la America, dera limene mafunde a wailesi amaletsedwa kwambiri pofuna kuteteza makina oonera zakuthambo.

Palibe dotolo wanzeru amene amanena kuti anthu otere akunama. Mkangano uli pa cimene cikuwadwalitsa, ndipo mkangano wa mtundu umenewu si wacilendo kwa anthu a ku Migodi.

Kuyambira masiku a atsamunda, anchito a m'migodi akhala akupita ku ofesi yopima zifuwa mu Kitwe, imene lamulo la 2010 linaisandutsa Occupational Health and Safety Institute. Kumeneko amafufuza matenda a fumbi la miyala ochedwa silicosis. Matendawa anabvomerezedwa cifukwa ali ndi cizindikiro coti dotolo ali yense angacione. Fumbi limayezeka pansi pa mgodi, zipsera zimaoneka pa cithunzi ca m'mapapu, ndipo amene wapuma fumbi lambiri kwa zaka zambiri ndiye amene kawirikawiri amadwala koposa. Pepala la dotolo likatuluka, bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace lili mu Ndola, limakhala ndi poyambira pa nkhani ya cipukuta misozi. Cotero mwana wa ku Wusakile kapena ku Chamboli amadziwa bwino kuti kubvomerezedwa kwa matenda si nkhani ya dzina cabe. Ndi nkhani ya mankhwala, ya ndalama, ndiponso ya ulemu wa wodwalayo pamaso pa anansi ace amene angamuyese waulesi.

Anthu a EHS akufuna cibvomerezo conga cimeneci. Cobvuta ncakuti kufikira lero sipanapezeke cipsera, kapena cizindikiro m'magazi, kapena cithunzi ciri conse cimene madotolo agwirizana kuti cimasiyanitsa iwo ndi anthu ena. Mutu, kutopa ndi kusowa tulo zimabwera ndi matenda ambirimbiri.

Posowa cipimo ca m'magazi, akatswiri anapeza njira ina yosabvuta kuimvetsa. Wodandaulayo amamukhazika m'cipinda momwe muli makina otulutsa mafunde onga a lamya kapena a nsanja. Nthawi zina makinawo amakhala oyatsa, nthawi zina ozimitsa, koma wodwala sauzidwa, ndipo ngakhale womuyang'anira sadziwa, kuopa kuti nkhope yace ingaulule. Pambuyo pace amafunsidwa ngati anamva kanthu. Ngati mafunde ndiwo amene amapweteka, ululu uyenera kubwera makina akayatsidwa ndi kuleka akazimitsidwa. Dr James Rubin ndi anzace a ku King's College mu London anasonkhanitsa zotuluka m'mayeso otere. Mu 2005 anapenda mayeso 31 okhudza anthu 725, ndipo mu 2010 anafikitsa mayeso 46 okhudza anthu 1,175. Anapeza kuti odandaulawo sanathe kuzindikira nthawi imene makina anali oyatsa kuposa mmene munthu wongolota angacitire, ndipo ululu unali kubwera ndithu ngakhale pamene makina anali ozimitsa. Kafukufuku wina amene WHO inapempha, wofalitsidwa mu 2024, anafika pa mfundo yomweyo.

Nkhani ina inacitika pafupi, ku Craigavon mu mzinda wa Johannesburg. Kumapeto kwa 2009 anthu okhala pafupi ndi nsanja ya kampani ya iBurst anadandaula za mutu, zidzolo ndi kusowa tulo, ndipo anafuna kuti nsanjayo icotsedwe. Pambuyo pace kampaniyo inalengeza kuti pa nthawi imene anthuwo anali kufotokoza zowawa zao pa msonkhano, nsanjayo inali itazimitsidwa kale kwa masabata asanu ndi limodzi.

Nanga ululuwo umacokera kuti? Akatswiri ambiri amaloza cinthu cimene amacicha nocebo, ndiko kuti kudwala kobwera cifukwa ca kuyembekezera kudwala. Munthu amene wadya nsima yabwinobwino, akauzidwa pambuyo pace kuti m'ndiwo munagwera kanthu konyansa, amatha kusanza ndithu, ndipo masanziwo sakhala a bodza. Mu 2013 Dr Rubin ndi Dr Michael Witthöft wa ku Germany anaonetsa anthu ena kanema wocenjeza za kuopsa kwa mafunde a WiFi, kenaka anauza onse amene anali m'mayesowo, anthu 147, kuti awayatsira mafundewo kwa mphindi 15. Panalibe ciri conse cimene cinayatsidwa, koma oposa theka ananena kuti anamva zowawa. Apa pali phunziro kwa onse otumiza mauthenga oopseza pa WhatsApp osayamba awafufuza, pakuti uthenga wotere ungathe kudwalitsa munthu amene nsanja yalephera kumudwalitsa.

Potsatira msonkhano wa akatswiri umene unacitikira mu Prague mu October 2004, bungwe la WHO linatulutsa cikalata mu December 2005. Mwacidule, cikalataco cinanena kuti zowawazo nzenizeni ndipo zingathe kumlepheretsa munthu kugwira nchito, koma kuti EHS ilibe zizindikiro zodziwika zoipimira, palibe umboni wa sayansi woilumikiza ndi mafunde, ndipo si dzina la matenda limene dotolo angalembe monga cotuluka m'kupima kwace.

Mbali inayo nayo siinakhale cete, ndipo ena mwa mau ace ngoyenera kuwamva. Odwala amati mayeso a m'cipinda ngafupi, pamene iwo ululu umawapeza patapita maola kapena masiku. Madotolo ena, monga Dominique Belpomme wa ku France, amati anapeza zizindikiro m'magazi, ngakhale kuti akatswiri ena ambiri sanakhutire ndi njira zimene anatsata. Dziko la Sweden limawerenga bvutoli monga cilema colepheretsa munthu kucita zinthu, osati monga matenda, kotero wodwala angathe kupempha thandizo popanda kutsimikiza cimene cinamdwalitsa. Mu 2011 bungwe la Council of Europe linapempha maiko ace kuti aganizire anthu otere. Mu 2015 bwalo la milandu mu Toulouse ku France linalamula kuti mai wina azilandira ndalama za olemala, pafupifupi ma euro 800 pa mwezi kwa zaka zitatu. Komabe woweruza amaweruza za kubvutika kwa munthu ndi ufulu wace. Iye sapima mafunde. Bungwe la boma la France loona za ukhondo ndi citetezo ca umoyo, la ANSES, litapenda nkhani yonse mu 2018, linabwereza zomwe zija: kubvutika kulipo ndipo odwala ayenera kusamalidwa, koma umboni wolimba woloza mafunde palibe.

Pali zinthu zingapo zokhudza mafundewo zimene zingacepetse nkhawa. Mafunde a wailesi ndi a lamya alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'thupi monga mmene amacitira a X-ray. Cimene cimadziwika bwino ncakuti akaculuka kwambiri amatenthetsa mnofu, ndipo malire amene maiko amatsata anaikidwa pansi kwambiri pa mlingo umenewo. WHO inanena mu 2006 kuti mafunde a nsanja amene amafika pamene anthu amakhala ndi pakati pa 0.002 ndi 2 peresenti ya malirewo. Lamya imene munthu waigunditsa ku khutu imampatsa mafunde ambiri kuposa nsanja imene akuiona pa windo, ndipo cododometsa ncakuti nsanja ikakhala kutali lamyayo imaonjeza mphamvu yace kuti imveke. Wocotsa nsanja m'komboni angathe kuonjezera mafunde pa mitu ya anansi ace. Ndiponso mafunde si alendo ku Migodi. Magetsi a ku Kariba anafika mu 1960, ndipo wailesi ya kanema yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa mu Kitwe momwemo mu 1961. Mibadwo itatu yakulira pakati pa nthambo ndi milongoti. Nkhani ya khansa, imene bungwe la IARC mu 2011 linaika mafunde a lamya m'gulu la zinthu zongokayikiridwa, ndi mlandu wina wosiyana ndi wa EHS, ndipo siiyenera kusakanizidwa nao.

Akale anati walira mvula walira matope, koma zimenezi sizitanthauza kuti makampani aziimika nsanja mmene afunira. Bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, ndilo loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, ndipo nzika yodandaula za nsanja ili ndi ufulu wopita kumeneko ndi ku khonsolo ya mzinda. Cingakhale cinthu canzeru kuti mafunde akayezedwa pa malo, ziwerengero zace ziuzidwe kwa eni dera m'cinenero cao. Anthu amene amangodzuka napeza citsulo cacitali caima kuseri kwa mpanda wao, popanda wowafunsa kapena wowafotokozera, ali ndi cifukwa cokwiyira, ndipo mkwiyo ndi mantha ndizo nkhuni za nocebo. Anthu a cigawo cino sakayikira makampani popanda cifukwa. Iwo akudziwa utsi wa senta umene unazunza a ku Kankoyo mu Mufulira kwa zaka zambiri, ndipo mu February 2025 anaona madzi atatsekedwa mu Kitwe damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi ndi kuthira asidi mu mtsinje wa Mwambashi ndi wa Kafue. Kusiyana kwace nkwakuti senta ndi asidi zinayezeka, ndipo zoononga zace zinaoneka ndi maso.

Ngozi yaikulu pa nkhani imeneyi ili pa munthu amene wadzipima yekha. Bambo wa zaka makumi asanu amene mutu umamuwawa kawirikawiri, akatsimikiza mumtima kuti ndi nsanja, sadzapita kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, ndipo BP yosasamalidwa imatha ndi sitiroko. Kutopa ndi cizungulire zingakhale shuga, kucepa kwa magazi kapena malungo. Mutu wa mwana wa sukulu ungakhale wa maso ofuna magalasi. Kusowa tulo ndi kugunda kwa mtima nthawi zambiri ndi nkhawa ya ngongole kapena ya nchito imene yatha, ndipo nkhawa nayo ndi matenda ocizika, osacititsa manyazi. Coopsa koposa ndi mbaula. M'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, mabanja oculuka anabwerera ku malasha. Mbaula yoyaka m'nyumba yotseka mawindo imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ndi wosaoneka, umene umayamba ndi mutu, cizungulire ndi nseru, zizindikiro zomwe zija zimene ena amanamizira nsanja, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Malangizo a WHO kwa madotolo amatsata njira yomweyi. Dotolo ayambe wapima thupi lonse kufunafuna matenda odziwika, aone za maganizo a wodwala, ndiponso afunse za nyumba ndi malo a nchito: mpweya, phokoso, kuwala kwa nyali zophethira, ndi kakhalidwe ka munthu pa mpando. Cithandizo cilunjike pa zowawazo, osati pa kuthamangitsa mafunde. Uphungu wa akatswiri a maganizo wathandiza ena kubwerera ku nchito, pamene kubisala m'nyumba ndi kugula nsalu kapena timiyala tonenedwa kuti timachinga mafunde kumangotha ndalama ndi kukulitsa mantha.

Udindo wina uli pa anchito a m'zipatala. Wodwala amene wafika ku kiliniki ya ku Chimwemwe kapena ya ku Lubuto nanena kuti nsanja ikumudwalitsa, akasekedwa sadzabweranso, ndipo adzapita kwa wogulitsa zithumwa zamakono. Ayenera kumvedwa mpaka atamaliza, ayezedwe BP, shuga ndi malungo, afunsidwe kumene mbaula imagona usiku, ndipo ngati mutuwo ukupitirira atumizidwe ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital kuti akapimidwe mokwanira.