Kilt timaiombera m'manja, chilundu timachiseka

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndili ndi mlandu ndipo woimbidwa mlanduwo ndi ife tomwe. Mwamuna wa ku Scotland akavala kilt, chovala chija cholekeza m'maondo chooneka ngati siketi, n'kumayenda nacho mumsewu wa ku Edinburgh, ife timagwedeza mutu n'kumati: taonani anthu osunga chikhalidwe chawo. Koma mwamuna wa kuno kwathu ku Bowe atati amange chilundu n'kulowa nacho pamsika wa Madisi kapena pa Mponela dzuwa likuswa mtengo, ana angamulondole, anyamata a kabaza angamuimbire malikhweru, ndipo wina angafunse ngati mutu wake ukuyenda bwino. Onse awiriwa azunguliza nsalu m'chiuno. Nanga bwanji wina timamupatsa ulemu, wina timamuyesa wamisala? Yankho langa ndi lakuti tinaphunzitsidwa kudzinyoza, ndipo phunziro limeneli tinalikhoza bwino kuposa masamu.

Tiyambe ndi kilt yomweyo, chifukwa ambiri timangoiona pa TV osadziwa kumene yachokera. Mu April 1746 anthu a kumapiri a ku Scotland amene anaukira mfumu anagonjetsedwa pa nkhondo ya ku Culloden. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo loletsa amuna ndi anyamata a ku Scotland kuvala zovala za kumapiriko, kuphatikizapo kilt. Wogwidwa koyamba ankakhala m'ndende miyezi 6. Wogwidwa kachiwiri ankatumizidwa kutsidya kwa nyanja kwa zaka 7. Ololedwa kuvala anali asilikali a mfumu okha. Boma linadziwa kuti ukafuna kuthyola mtundu wa anthu, yamba wawavula. Lamuloli linachotsedwa mu 1782, ndipo pofika mu 1822 Mfumu George IV inavala kilt ku Edinburgh, pa mwambo umene anakonza mlembi wotchuka Walter Scott. Lero amuna a kumeneko amavala kilt pa ukwati, polandira digiri, ngakhale pokachemerera timu yawo ya mpira, ndipo Mfumu Charles III imavala ikakhala ku Balmoral. Chovala chimene chinali kumangitsa munthu chinasanduka cha ulemu chifukwa eni ake anakana kuchita nacho manyazi.

Anthu amenewa si achilendo kwa ife. Mzinda wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo kwa David Livingstone. Livingstonia ndi dzina lake lomwe. Mu 2005 Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasainirana pangano la ubale wa Malawi ndi Scotland. Tatenga zambiri kwa iwo: sukulu, zipatala, nyimbo za m'tchalitchi. Chimodzi chokha tinachisiya, ndicho kulimba mtima kovala chako pagulu.

Nanga makolo athu ankavala chiyani? Sanali kuyenda chinochino ayi. Ankasenda khungwa la mombo n'kulisula mpaka lifewe, kukhala nyanda. Ankafufuta zikopa. Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, ndipo amuna ndi amene ankapota ulusi ndi kuomba nsalu. Angoni a Chiwere amene anakhazikika m'boma lino la Dowa anali ndi zibiya zawo za zikopa. Nsalu za amalonda zitafika, merekani ndi biriwita, amuna anazimanga chilundu, ena n'kuponya ina paphewa. Ambiri a ife tinawaona agogo athu aamuna atakhala pabwalo akuweruza milandu atavala motero, ndipo palibe anatsegula pakamwa kuseka. Buluku linabwera ndi mishoni ndi boma la atsamunda. Kuno kwathu amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894. Sindikuwanyoza, sukulu zawo ndi zimene zinatitulutsa ambirife. Koma tisabise Chichewa: m'masiku amenewo kuphunzira, kubatizidwa ndi kuvala buluku zinkayendera limodzi, mpaka munthu wa chilundu anayamba kuoneka ngati wotsalira.

Ufulu utabwera zinthu sizinasinthe. Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzira udokotala ku Edinburgh ndipo anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Kilt anaiona ndi maso ake. Koma atabwerera kuno pa 6 July 1958, chimene Amalawi anazolowera kuona chinali suti ya zidutswa zitatu, chipewa cha chingerezi ndi litchowa m'manja. Ankalankhula kwambiri za chikhalidwe, komatu chikhalidwecho ankavala ndi amayi a mbumba, amuna onse omuzungulira ali m'masuti. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo amuna ankametedwa mokakamiza tsitsi likatalika. Lamulo la kavalidwe lija linachotsedwa mu 1993. Onetsetsani apa: m'malamulo onsewo munalibe loletsa mwamuna kumanga chilundu. Anzathu a ku Scotland anavulidwa ndi lamulo ndi ndende. Ife tinadzivula tokha ndi phwete.

Ndipo apa ndi pamene ine ndimapsa mtima ndi amuna anzanga. Timakonda kukuwa kuti amayi asamale chikhalidwe, azimanga chitenje, mtsikana wovala buluku wataya mwambo. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anafika povula amayi mumsewu ati poteteza chikhalidwe. Kodi iwowo anavala chiyani tsiku limenelo? Majinzi a pa kaunjika ndi malaya a matimu a mpira a ku England. Chikhalidwe tinawasenzetsa amayi ngati mtolo wa nkhuni, ife tikuyenda patsogolo manja ali m'thumba. Mwamuna amene sangayerekeze kumanga nsalu ya agogo ake ngakhale tsiku limodzi alibe pakamwa pouzira mkazi chovala.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ndazimva kale m'chipinda cha aphunzitsi. Choyamba mumati nsalu ndi ya amayi. Chabwino. Nanga abusa ndi ansembe amene timawagwadira Lamulungu lililonse amavala chiyani, si mikanjo? Mashehe ku Mangochi ndi ku Nkhotakota? Oweruza milandu ku khoti lalikulu amavala mikanjo ndi mawigi oyera a ku England, ife n'kuimirira mwaulemu iwo akamalowa. Ifeyo tinajambulitsa titavala gauni tsiku lolandira satifiketi, chithunzicho chili pakhoma mpaka lero. Ku Fiji apolisi pa zikondwerero amavala nsalu yotchedwa sulu. Ku Myanmar amuna amapita ku ofesi atamanga longyi. Mahatma Gandhi analowa ku Buckingham Palace mu 1931 atavala nsalu yake ya ku India. Nelson Mandela analowa m'khoti ku Pretoria mu 1962 atavala chikopa cha kwawo kwa Athembu. Ndani mwa ife angaime n'kunena kuti amenewa sanali amuna? Vuto si lakuti chovalacho chilibe miyendo iwiri. Vuto ndi lakuti ndi chathu.

Chachiwiri mumati chitenje si chathu, luso lake linachokera ku Indonesia n'kudzera kwa amalonda a ku Holland, ndipo zambiri za pamsika lero zimachokera kunja. Ndi zoona. Koma kilt imene timaisirirayo nayonso si yakale monga timaganizira. Ya makolo awo inali chinsalu chachikulu chofunda thupi lonse. Yaifupi ya leroyi inafala m'zaka za m'ma 1700, ndipo zoti banja lililonse lili ndi mawanga akeake zinakhazikika m'zaka za m'ma 1800. Chikhalidwe sichigwa kumwamba, amachipanga ndi anthu. Umboni uli pakhomo pathu pompano. Mganda umene timanyadira ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Kasungu unachokera pa perete wa asilikali a atsamunda: makabudula oyera, masokosi aatali, mizere yowongoka. Makolo athu anautenga, anaika zipanda m'malo mwa malipenga, anapeka nyimbo zawo, ndipo lero palibe angatilande. Ngati tinatha kusandutsa yunifolomu ya msilikali kukhala gule wathu, tingalephere bwanji kunena kuti nsalu imene takhala tikumanga kwa zaka zoposa 100 ndi yathu?

Chachitatu mumati chilundu sichithandiza pantchito, sungapalase nacho njinga kuchoka ku Bowe kukafika ku Madisi. Ndani wanena kuti titaye mabuluku? A ku Scotland nawonso amavala mabuluku masiku ambiri. Ine ndikunena za ufulu wovala popanda kusekedwa. Ndipo ngati tikukamba zothandiza, ndifotokozereni phindu la tayi mu October, m'kalasi ya malata yopanda siling'i, ana 80, fumbi la choko lili kobo. Ndinaonapo mphunzitsi wina akubwezedwa pa msonkhano chifukwa anavala malaya a chitenje osokedwa bwino, pamene mnzake wa jekete ya pa kaunjika yothothoka m'khosi analandiridwa ndi manja awiri. Jeketeyo mwini wake woyamba anaitaya ku Ulaya. Ulemu wathu tauika pa zotaya za ena.

Ena mumaopa kuti izi ndi zachikunja. Nsalu si chipembedzo, abale. Munthu akhoza kumanga chilundu n'kukaimba kwaya, monga momwe wina amavalira suti n'kukaba ndalama za boma. Amene anatibera pa Cashgate mu 2013 sanavale nyanda.

Ndiye pali amene amati: aphunzitsi, feteleza wakwera, malipiro sakukwana, inu mukutaya nthawi ndi zovala. Koma nkhani ya zovala ndi nkhani ya ndalama. Thonje timalima ku Salima, ku Balaka ndi ku Chikwawa. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, inkaveka dziko lino. Lero ndalama zathu zikupita ku mabelo a kaunjika, pamene telala wa pakhonde la sitolo ntchito yake yangotsala yopinda ndi kuchepetsa zovala za azungu. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi n'kulimbikitsa ogwira ntchito m'boma kuvala zosokedwa konkuno Lachisanu lililonse. Tadzifunsani, pa sukulu panu ndi amuna angati amene anapitiriza? Amayi anayesetsa. Ife tinavala kangapo, kenako malaya aja analowa m'sutikesi.

Sikuti sitivala konse. Pitani ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa August, mukaone amuna a Chichewa atakoleka nsalu pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Pitani ku Umhlangano ku Ntcheu kapena ku Umthetho ku Hora, mukaone nduna za boma ndi mabwana a m'mabanki atavala zikopa, nthungo ili m'manja. Pa chinkhoswe masiku ano mkwati amavala chitenje chofanana ndi cha mkwatibwi. Zonsezi ndi zabwino. Koma ndi tsiku limodzi pa chaka, ndipo Lolemba likafika timabwerera m'tayi ngati anthu amene anali pa sewero. Kusukulu nakonso n'chimodzimodzi. Pa tsiku la zachikhalidwe timawauza anyamata amange nsalu, avine, alendo aombe m'manja, kenako timati: kavuleni msanga, muvale bwino. Mawu akuti "muvale bwino" amenewo ndi phunziro lalikulu kuposa zonse zimene mwanayo wamva tsikulo. Tamuuza kuti za kwawo ndi zoseweretsa, zenizeni ndi za eni ake.

Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Zinatengera woweruza kuti atiuze ife aphunzitsi kuti nzeru za mwana sizikhala m'kametedwe. Kodi pa nsalu tidikiranso khoti?

Pempho langa ndi laling'ono. Aphunzitsi aamuna, pa tsiku lopereka mphoto kapena lotsanzikana ndi a Fomu 4, tivale zathu, tikhale kutsogolo, tilankhule Chingerezi chathu chomwecho, ana aone kuti munthu akhoza kudziwa Physics atamanga chilundu. Ahedi, mphunzitsi wovala malaya a chitenje Lachiwiri musamuyang'ane ngati walakwa. Mwana akaseka mkulu wovala nsalu pamsewu, timudzudzule monga timachitira akatukwana. Inu ana anga amene muli ku Lilongwe, ku Johannesburg, ena ku Glasgow komweko, mnzanu akadzavala kilt pa ukwati wake, inu musakabwereke suti. Pitani kwa telala.

Woyamba adzasekedwa, zimenezo n'zosakayikitsa. Wachiwiri adzasekedwa pang'ono. Mutu umodzi susenza denga, n'chifukwa chake ndikulembera inu nonse. Tikadzakhala khumi pa msonkhano umodzi, wochita manyazi adzakhala uja wa tayi amene akutuluka thukuta pakona.