Kodi Tsiku la Amai Anga Nlaulere?

Pa chuthi capitaci ndinapeza amai anga ku Nancholi ali odandaula. Anthu ena a kafukufuku anawaimbira foni, nawafunsa ora lathunthu za matenda ndi zakudya za pakhomo pathu, uku ogula tomato ali kupitirira benchi lao. Malipiro ace? Timayunitsi tocepa, timene tinafika patapita masabata awiri.

Anzanga ena m'kalasi amati kulipira munthu wotere nkumgula. Ine ndikana. Mu 2017 komiti ya Boma yoyang'anira kafukufuku wa zaumoyo inalamula kuti wolowa m'kafukufuku azipatsidwa madola 10 pa ulendo uli wonse. Ndarama zimenezo sizigula mwazi kapena mayankho ai. Zibwezera tsiku limene munthu wataya ndiponso ya minibasi yopitira ku cipatala. Nanga wofunsidwa pa foni, nthawi yace sitayika kodi?

Coopsya ciripo ndithu. Kwa munthu wogona ndi njala madola 10 ngambiri, ndipo angathe kudinda cala asanamve zolembedwa pa cikalata. Koma mankhwala ace nkumwerengera cikalataco pang'onopang'ono m'Cicewa, osati kummana ndarama.

Katemera wa taifodi amene Boma linayamba kupereka mu 2023 anayesedwa m'kafukufuku wa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018. Makolo a anawo anapereka nthawi yao, ndipo tipindula ndife tonse.

Amai ati akadzaimbanso anthu aja, oyamba kufunsa adzakhala iwo: mupereka zingati, liti, ndipo zimene mwapeza mudzabwera kudzatiuza?